Itana Kholo Poyamba

Magetsi apita, Kabwata yada bii.
Yatsala nkhope yanga pagalasi la laputopu
ndi batire lolonjeza mphindi makumi anayi.
Ndikulembera amayi a mumsika wa Soweto pulogalamu ya chilimba,
amayi a kapenta, a impwa, a salaula,
otopa ndi kope lonyowa la a Zelipa Daka.

Kalasi yaikulu sindinalembe ine.
Analemba Lameki asanasamukire ku Kitwe,
naitcha Akaunti.
Yanga ndi mwana wake, Chilimba,
wobadwa madzulo ano ndi mzere umodzi
wonena kuti uyu watuluka mwa uyo.

Ndimayesa kubadwa n'kokwanira.
Ndayendetsa. Dzina la mwini: mulibe.
Nambala ya foni: mulibe.
Mwana waima manja lende, m'matumba muli pululu,
poti ndinaiwala liwu limodzi pakhomo pa womanga:
supa.
Itana kholo poyamba, liyale maziko ake,
iwe ukhome malata pambuyo.

Ndakonza. Dzina lalowa losagogoda.
Ndi lapoyera, wodutsa aliyense angalitchule,
ngati lija la pachikwangwani mumsewu wa Chachacha:
A. Njobvu, Wokonza Mawotchi,
penti yake inafufuka bambo asanafe.

Chiwongoladzanja n'chotetezedwa,
chimatsegukira ana ndi adzukulu basi.
Ichi ndikuchidziwa.
Makasitomala ankaona wotchi ikuyendanso,
ine ndinkaona momwe amagwirira mpweya
potola kasikuluwu kochepa ngati njere ya bonongwe,
ndipo lero ndimagwira mpweya chimodzimodzi
ndisanadine batani.

Koma nditakhudza ndalama zotsala
galasi lafiira psuu:
zachinsinsi, mwana alibe chilolezo.
Zilimo ndithu mkati mwake,
akuzisenza, zikumulemera,
koma kuzitchula dzina sangathe.

Bambo anali ndi zaka zinayi za ku mgodi wa Kabwe
zimene sankazikamba, ngakhale atamwa.
Ndili nazo ine.
Ndimazimva chitseko chikamenyeka mwadzidzidzi,
ndimazimva ndikawerenga chenji kachitatu
kondakitala akundiyang'ana.

Tisaine wandilembera pafoni:
iwe, tsegula chabe fayilo ya Lameki,
fafaniza chinsinsi, lemba poyera, ukagone.
Liwu limodzi, n'zoona.
Koma kholo limeneli lili ndi ana ena asanu
amene sindinawaonepo,
wa ngongole ya feteleza, wa fizi, wa maliro,
ndipo ndikagumula khoma kuti ndilowe ine
mphepo iwapeza onse ali m'tulo.

Ndatsika mizere pang'onopang'ono, batire likuwonda.
Pa mzere wa makumi asanu ndi atatu
Lameki anasiya kazenera:
funsaZotsala.
Sakupatsa kiyi. Ukafunsa, akuyankha.
Ndafunsa. Mazana atatu ndi makumi awiri a kwacha,
za amayi a impwa, ndendende ndi m'kope.

Yatsala njira yoikira ndalama.
Ndalemba yanga, dzina lomwelo,
ndipo yanga yaphimba ya kholo
monga mawu anga anaphimbira awo pafoni ya kunyumba,
achibale n'kumati, tayesa ndi malemu.
Mzere woyamba ndabweza ulemu:
supa, chitani monga mumachitira.
Wachiwiri ndi wanga:
mwezi ukatha, thumba lipite kwa mayi wotsatira.

Batire latsala atatu pa zana. Ndasunga.
Jenereta ya kubala yakhosomola, yagwira,
agalu a ku Libala ayankhana.

Padzanja pali wotchi ya bambo.
Imachedwa mphindi zinayi chichokereni iwo,
ndipo zida zawo zili m'chitini pansi pa bedi,
koma kumbuyo kwake sindinatsegulepo.
Ndimangoifunsa nthawi,
iyo n'kunena yake,
ine n'kuwonjezapo zinayi.